Kodi mawu odzipekera ali ndi malo m'chimangirizo chofunsira malo kuyunivesite ya ku America?

Funso: Ndikufunsira malo m'mayunivesite a ku America kudzera pa Common App, fomu ya pa intaneti yofunsira malo, ndipo chimangirizo changa chikukamba za kukonza zinthu zowonongeka. Ndinayamba ndi zidole za mng'ono wanga, pano ndimakonza mafoni ndi mawailesi. Mwanayu ali wamng'ono ankandibweretsera chidole chothyoka n'kunena kuti "unbreak it", ndipo m'kupita kwa nthawi anayamba kunditchula "the unbreaker". Dzina limeneli ndaliika m'chimangirizo. Ndaikamonso mawu a achinyamata akuti "lowkey" (pang'ono, kapena mwakachetechete) ndi "rizz" (luso lokopa ena pa zachikondi) kuti chizimveka kuti woyankhula ndine. Aphunzitsi anga a Chingerezi adula onsewo ndi cholembera chofiira, akuti liwu losapezeka m'dikishonale lilibe malo m'chimangirizo chopita kuyunivesite. Mnzanga amene anapita kale kunjako akuti ndiwabwezeremo onse. Ndimvere ndani?

Yankho: Bwezeranimo "the unbreaker". "Lowkey" ndi "rizz" asiyeni momwe aphunzitsi anu awadulira. Aphunzitsi ndi mnzanuyo akuoneka ngati akutsutsana, koma apunthwa pa mwala umodzi, chifukwa onse aika mawu atatuwa m'thumba limodzi pamene si amtundu umodzi.

Lamulo loletsa palibe. Common App, imene mayunivesite oposa 1,000 amalandirira mafomu, imakuuzani kuti chimangirizo chikhale cha mawu pakati pa 250 ndi 650, ndipo imakupatsani mitu isanu ndi iwiri yoti musankhepo. Mutu womaliza ndi wakuti lembani chilichonse chimene mukufuna. Za dikishonale sinenapo kanthu. Aphunzitsi anu akukamba lamulo la chimangirizo cha mayeso, ndipo pamayeso lamulolo n'labwino. Kumeneko wochonga akufuna aone ngati mukudziwa Chingerezi chovomerezeka. Chimangirizo chofunsira malo chili ndi ntchito ina. Osankha ophunzira ali kale ndi magiredi anu, makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni ndi zotsatira za mayeso a Chingerezi. Chimene alibe ndi munthu mwini wake, mmene amaganizira ndi mmene amayankhulira akamasimba chinthu chimene chinamukhudza. N'chifukwa chake zimangirizo zambiri zabwino zimalembedwa m'Chingerezi chomasuka, chonena kuti "I", chogwiritsa ntchito "don't" ndi "I'm" popanda manyazi.

Koma ganizirani amene akawerenge. UCLA, nthambi ya University of California ya ku Los Angeles, yakhala ikulandira mafomu a chaka choyamba oposa 140,000 pa chaka, ndipo Harvard yapitirirapo 50,000 m'zaka zaposachedwa. Mafomu onsewa amawerengedwa m'miyezi yochepa, kuyambira Novembala kufikira Malichi. Wowerenga wanu ndi munthu wotopa amene wawerenga kale zimangirizo zambirimbiri tsiku lomwelo, ndipo fomu yanu yonse aipatsa mphindi zowerengeka. Akhoza kukhala wachinyamata amene wangomaliza kumene digiri, akhozanso kukhala mayi amene wagwira ntchitoyi zaka makumi atatu. Simungasankhe. Akapunthwa pa liwu, sakuimbirani foni kuti mumufotokozere, ndipo nthawi yoti alifufuze pa intaneti alibe. Choncho ine liwu lililonse lachilendo ndimalifunsa zinthu ziwiri. Kodi munthu wotopayu alimva pomwepo, m'chiganizo momwemo? Nanga likunyamula kanthu kamene liwu wamba silikananyamula?

Tiyambe ndi "rizz", chifukwa likugwetsa muyeso wa aphunzitsi anu. Liwuli lili m'dikishonale. Olemba dikishonale ya Merriam-Webster analilowetsamo mu 2023, ndipo chaka chomwecho olemba dikishonale ya Oxford analisankha kukhala liwu la chaka. Tikatsata muyeso wa dikishonale, ndiye kuti "rizz" lidutsa, "unbreaker" n'kutsalira kunja. Ine ndikunena motembenuza. Vuto la "rizz" n'lakuti si lanu. Mwaliika kuti chimangirizo chimveke ngati inuyo, koma liwuli likutuluka m'kamwa mwa achinyamata mamiliyoni pa TikTok tsiku lililonse. Wowerenga akalipeza aphunzira kuti muli ndi foni ndipo ndinu wa msinkhu wakutiwakuti, zimene akuzidziwa kale poona tsiku lanu lobadwa. Mawu oterewa amakalambanso msanga. Mu 2022 liwu la chaka la Oxford linali "goblin mode", mu 2024 linali "brain rot". Ena mwa mawu otere amakhazikika, monga "selfie" wa 2013, koma ambiri amazilala chaka chisanathe. Chimangirizo chimene mukulemba mu Seputembala chikawerengedwa mwina mu Febuluwale, ndipo tsabola wakale sawawa.

"Lowkey" ndiye ndikufuna tikhalepo pang'ono, popeza liwu limeneli limabisa chinthu chofunika. Sindinaone chimangirizo chanu, koma ndikhoza kulosera kuti chiganizocho chikufanana ndi "I was lowkey proud". Dzifunseni kuti mukutanthauzanji kwenikweni. Kodi munanyadira pang'ono chabe? Kapena munanyadira kwambiri koma munachita manyazi kuonetsa? Kapena munadabwa kuti kachinthu kakang'ono ngati kulumikiza waya kakusangalatsani chonchi? Matanthauzo atatuwa ndi osiyana, ndipo lililonse likuulula munthu wosiyana. "Lowkey" lakuthandizani kuzemba kusankha. Pocheza ndi anzanu zilibe kanthu, chifukwa nkhope ndi kamvekedwe ka mawu zimamalizitsa zotsalazo. Papepala palibe nkhope. Ndaona zimenezi kambirimbiri mwa ophunzira amene ndawathandiza: pamene pali liwu la mumsewu, nthawi zambiri pansi pake pamakhala ganizo limene mwini wake sanalimalize. Ndikawafunsa kuti "apa umafuna kunena chiyani?", zimene amandiyankha pakamwa zimaposa zimene analemba. Ndiye musangochotsa "lowkey" n'kusiya dzenje. Lembani chimene linkaphimba, ngakhale chitenge mawu khumi ndi asanu mwa 650 anu aja.

Tsopano "unbreaker". Kupeka mawu si mlandu m'Chingerezi, ndipo mawu ambiri amene lero amaoneka aulemu anachita kupekedwa ndi munthu wodziwika dzina. "Serendipity" analipeka Horace Walpole m'kalata ya mu 1754. "Scientist" analipeka William Whewell m'zaka za m'ma 1830, ndipo akatswiri ena a nthawi imeneyo analinyansidwa nalo kwa zaka zambiri. "Chortle" ndi la Lewis Carroll, mu 1871, pophatikiza "chuckle" ndi "snort". "Meme" analipeka Richard Dawkins mu 1976. Chimene ndikufuna muone pa anthuwa n'chakuti ambiri mwa iwo sanangoponya liwu n'kuthawa. Walpole anafotokoza m'kalata momwemo kumene walitenga, Dawkins naye anafotokoza chifukwa chake pakufunika liwu latsopano. Liwu lopeka limafika ndi wolipereka.

Ngakhale mayunivesite eni ake zimenezi amazidziwa. University of Chicago, yotchuka ndi mitu yake yachilendo, mu 2023 inapempha ofunsira malo kuti apeke liwu latsopano pophatikiza mawu awiri, n'kufotokoza chifukwa chake awiriwo akuyenerana. Koma musatengeke nazo kwambiri. Chicago inachita kupempha, ndipo chimangirizo cha Common App chimapita kumayunivesite onse amene mwasankha, okonda nthabwala ndi osakonda omwe.

Liwu la mng'ono wanu lili ndi mphamvu zitatu zimene mawu opeka ambiri alibe, ndipo yachitatu ndiyo yaikulu. Limamveka lokha: aliyense wodziwa Chingerezi akaona "un", "break" ndi "er" alimasulira asanafike kumapeto kwa mzere. Lili ndi mwini wake komanso malo amene linabadwira, mwana wagwira chidole chothyoka m'manja. Ndipo likunena chinthu chimene "repair" kapena "fix" sanena. Munthu wamkulu amadziwa kuti chothyoka chimalumikizidwa, chipsera n'kutsala. Mwana amakhulupirira kuti kuthyokako kungathe kubwezedwa m'mbuyo ngati kuti sikunachitike. Chikhulupiriro chonsecho chili m'kachidutswa kakuti "un". Mukachotsa liwuli n'kuikapo "the repairman", nkhani yanu itaya mtima wake.

Ndinganene kuti mwina simunaligwiritse ntchito mokwanira. Ngati langokhala dzina loseketsa m'ndime yoyamba basi, mwaliwononga. Munthu amene wakonza mafoni kwa zaka amadziwa kuti palibe chinthu chimene chimabwerera mwakale ndendende. Pamene mwawotcherera pamaoneka, sikirini yatsopano siifanana ndi yakale, ndipo pali zina zimene munazilephera n'kubweza kwa eni ake zili zakufa. Kodi linakhalapo tsiku limene mng'ono wanu anabweretsa chinthu chimene simukanatha kuchikonza? Munamuuza chiyani? Sindikukulemberani nkhani, ndipo ngati zimenezi sizinachitike musazipeke. Ndikungokuonetsani kuti liwu lopeka labwino limakhala ndi funso m'kati mwake, ndipo chimangirizo chingathe kuyenda pa funsolo kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Pali chiopsezo chimodzi chimene mnzanu sanakuuzeni, ndipo apa aphunzitsi anu ali ndi mfundo ngakhale sanaitchule. Wowerenga akuona pa fomu kuti mukuchokera kunja kwa America, mwinanso akuona zotsatira zanu za mayeso a Chingerezi a TOEFL, IELTS kapena Duolingo English Test. Mwana wa ku Boston akalemba "unbreak", wowerenga aganiza kuti akusewera ndi mawu. Inu mukalemba liwu lomwelo, kaganizo kena kangathe kumudutsa m'mutu: kodi ameneyu sakudziwa kuti liwu loyenera ndi "fix"? Si chilungamo, koma zimachitika, ndipo ndi bwino kukonzekera. Ndinathandizapo mnyamata wina wanzeru kwambiri amene anatsegula chimangirizo chake podzitchula "academaniac". Anthu atatu amene tinawapatsa kuti awerenge, awiri anazunguliza liwulo poyesa kuti walakwitsa kalembedwe. Iye ankaona nthabwala, iwo ankaona cholakwa, ndipo cholakwacho chinali m'chiganizo choyamba penipeni.

Njira yopewera zimenezi ndi kuonetsa kuti mwachita dala. Inu muli ndi mwayi chifukwa liwulo si inu munalipeka. Liikeni m'kamwa mwa mng'ono wanu, m'mitengero, nthawi yoyamba imene likuonekera. Mwana akuyankhula, ndipo wowerenga aliyense amadziwa kuti ana amapanga mawu awoawo. Chiganizo chotsatira, chimene mukuyankhula ndinu, chikhale ndi liwu lovomerezeka monga "repair" kapena "solder", logwiritsidwa ntchito molondola. Pamenepo kukayikira konse kwatha, chifukwa mwaonetsa kuti liwu loyenera mukulidziwa ndipo linalo mwalisunga mwakufuna kwanu. Likadzabweranso kutsogolo, mitengero siifunikanso. Wowerenga walilandira kale.

Ndime imene muli liwulo ikhale yoyera kotheratu. Chingerezi chikakhala cholondola mbali zonse, liwu limodzi lachilendo limaoneka ngati luso. Pakakhala mneni wosagwirizana ndi mwininkhani m'chiganizo chapafupi, kapena "the" wosowa, liwu lija limangowerengedwa pamodzi ndi zolakwa zinazo. Musapepesenso. Mawu onga "for lack of a better word" kapena "if that is even a word" amadya malo, ndipo amauza wowerenga kuti inu mwini simukulikhulupirira liwu lanu. Pewaninso kulimasulira ngati dikishonale, kulemba liwu, kenaka "noun", kenaka tanthauzo. Kutsegula chimangirizo mwa njira imeneyi kunatchuka kalekale moti owerenga atopa nako. Ngati mwasankha zilembo zopendekeka m'malo mwa mitengero, yang'anani chithunzi cha fomu yonse chimene Common App imakuonetsani musanatumize, chifukwa mawu okopedwa kuchokera ku Word kapena Google Docs nthawi zina amataya maonekedwe ake.

Liwu lopeka likhale limodzi m'chimangirizo chonse. Likhoza kubwera kawiri kapena katatu, koma lisakhale ndi anzake. Akakhala atatu kapena anayi, wowerenga amasiya kutsatira nkhani n'kuyamba kuonerera munthu amene akudzionetsa kuti ndi wochenjera.

Pali gulu lina lapakati limene simunafunse koma ena adzafunsa: mawu opangidwa pomata kachidutswa kumapeto, monga "bookaholic", "adultish" kapena "mathify". Awa amamveka mosavuta ndipo sakhumudwitsa munthu, koma kawirikawiri sanyamula kanthu. "Bookaholic" ndi njira yaitali yonenera kuti mumakonda kuwerenga, pamene chiganizo chimodzi chosimba buku limene munaliwerenga katatu ndi chifukwa chake chikanagwira ntchito yoposa. Ndiponso, kunena zoona, mawu amene amandidetsa nkhawa kwambiri m'zimangirizo si opekawa ayi. Ndi mawu akuluakulu otoledwa m'buku la mawu ofanana matanthauzo, "plethora", "myriad", "quintessential", amene wophunzira sanawatchulepo pakamwa chibadwire. Aphunzitsi ambiri amawachongera bwino chifukwa ali m'dikishonale, chonsecho amabisa mwini nkhani kuposa mmene "rizz" angachitire. Chimodzimodzi liwu la chiyankhulo chanu chobadwa nacho, ngati mutafuna kuliikamo, muyeso wake ndi womwewu: likhale limodzi, chiganizo chilimasulire chokha, ndipo likhale ndi ntchito yoposa kukongoletsa.

Masiku ano palinso nkhani ya makina olemba okha monga ChatGPT. Mu 2024 Duke University inasiya kupereka malikisi a manambala pa zimangirizo, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene inatchula chinali chakuti n'kovuta kudziwa ngati wophunzira walemba yekha, poti pali makinawa komanso alangizi olipidwa. Owerenga akukumana ndi zimangirizo zambiri zosalala, zopanda cholakwa, zofanana ngati zatuluka m'chikombole chimodzi. Pakati pa zoterezi, dzina limene mwana wa m'nyumba mwanu anakupatsani limaoneka msanga, chifukwa makina sakanalidziwa. Koma wina asamve izi n'kukakhala pansi kupeka liwu kuti aoneke ngati munthu. Liwu lopekedwa usiku umodzi chifukwa cha fomu limadziwika, silikhala ndi fungo la nyumba.

Zonse ndanenazi zikukhudza chimangirizo chachikulu cha Common App ndi timafunso tina tomasuka timene yunivesite iliyonse imawonjezera. M'malo ena musayese n'komwe. Pa mndandanda wa zochita zanu za kunja kwa kalasi muli ndi zilembo 150 zokha zofotokozera chilichonse, ndiye lembani "repair phones and radios" momveka, ndi kuchuluka kwake ngati mukukudziwa. Gawo lofotokozera zovuta zapadera, monga matenda kapena kusintha sukulu, likhale losapita m'mbali. Maimelo opita ku ofesi yolandira ophunzira akhale aulemu wamba. Mayunivesite a University of California sagwiritsa ntchito Common App, ali ndi mafunso awo asanu ndi atatu, mumayankha anayi, lililonse mawu osapitirira 350, ndipo amafuna mayankho olunjika ngati mukufunsidwa pamaso. "Unbreaker" angalowemo kamodzi, koma malo oti mumumangire nkhani ndi ochepa. Ngati mukufunsiranso ku Britain kudzera pa UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a dzikolo, kumeneko n'kwina. Muli ndi zilembo 4,000, zimene kuyambira kwa olowa mu 2026 zagawidwa m'mafunso atatu, ndipo chimene akufuna n'chakuti muonetse chifukwa chimene mwasankhira phunzirolo ndi mmene mwalikonzekerera. Wowerenga akhoza kukhala wa m'dipatimenti ya phunzirolo. Iye angakonde kumva mtundu wa zolakwika zimene munazipeza m'mafoni ndi mmene munazitulukira, dzina la kunyumba lija mulisiye.

Musanatsimikize, yesani zinthu ziwiri. Pezani munthu wamkulu wodziwa bwino Chingerezi amene sakudziwani kwenikweni ndipo nkhani ya mng'ono wanu sanaimvepo. Mpatseni chimangirizo osanenapo kanthu. Akamaliza mufunseni kuti "unbreaker" akutanthauzanji, ndiponso ngati akuganiza kuti mwalemba dala. Makolo ndi anzanu apamtima sangakuthandizeni pa izi chifukwa nkhaniyo akuidziwa kale, adzaza okha mipata imene mwasiya. Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Akazengereza poyankha, vuto lili pa mmene mwalilowetsera liwulo, ndiye konzani ziganizo zoyandikana nalo. Chachiwiri, lembani chimangirizo china momwe mwaika "repairman" paliponse pamene panali "unbreaker", muwerenge zonse ziwiri mokweza. Ngati simukumva kusiyana, ndiye kuti liwulo silinayambe kugwira ntchito, ndipo mwina aphunzitsi anu apambana. Ndikukayika kuti zidzatero.

Musaope mopitirira. Liwu limodzi silinalowetsepo munthu ku yunivesite, ndipo n'zovuta kuti likhale chifukwa chokhacho chomukanira. Magiredi ndi kulemera kwa maphunziro amene munatenga ndi zimene zimalemera kwambiri pa sikelo.

Za aphunzitsi anu, musakangane nawo, makamaka ngati ndi iwo akulembereni kalata yokuchitirani umboni. Pitani mukawathokoze chifukwa chodula "lowkey" ndi "rizz", muwaonetse zimene mwalemba m'malo mwake. Kenaka muwaonetse mitu isanu ndi iwiri ya Common App ija kuti aone mtundu wa chimangirizo chimene chikufunika, ndi ndime imene mng'ono wanu akuyankhula, mitengero ili m'malo mwake. Muwapemphe kuti cholembera chofiira chija achigwiritse ntchito pa ziganizo zozungulira liwulo, asasiyepo cholakwa ngakhale chimodzi. Ngati mukufunsira m'gulu loyambirira, la otumiza mafomu msanga, mayunivesite ambiri amatseka pa 1 Novembala, ndipo gulu lalikulu limatseka kumayambiriro kwa Januwale, choncho apatseni pepalalo kudakali milungu iwiri kapena itatu.